Pikapu yanga ya dizilo ikulefuka pachitunda, ndiyambe ndi chip kapena ekizozi?

Funso linabwera chonchi: "Ndili ndi pikapu ya dizilo ya 2.8, common rail, giya yamanja, yayenda makilomita 190,000. Pafupifupi sabata iliyonse ndimakoka ngolo ya matani awiri ndi theka, ndipo chiikireni matayala akuluakulu ikumalefuka pachitunda mpaka nditsitse giya kufika 3. Anzanga ena akuti ndiike chip, ena akuti ndichotse DPF ndi EGR ndiike ekizozi yayikulu, wina akuti turbo yayikulu basi nkhani yatha. Ndiyambe ndi chiyani kuti ndisaphe injini?"

Achimwene, mwachita bwino kutchula makilomita, ngoloyo ndi matayala, chifukwa ambiri amangofunsa kuti chip yabwino ndi iti ngati kuti galimoto zonse zimagwira ntchito imodzi. Nde ndikuuzeni pachiyambi pomwe kuti mwa zinthu zomwe anzanuwo atchula, kaya chip yoonjezera mphamvu, kaya kuchotsa DPF (fyuluta yogwira mwaye mu ekizozi) ndi EGR (njira yobwezera utsi wina mu injini), kaya turbo yayikulu, palibe chomwe ndingayambire ine. Osati kuti zonse ndi zoipa ayi, remap, kutanthauza kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, ikachitidwa bwino ndimaikonda ndithu ndipo tifikako, koma galimoto yokoka katundu imafa ndi kutentha komanso ndi klachi ndi giyabokosi, sikufa chifukwa chosowa mahosipawa, ndipo zambiri mwa zomwe mwauzidwazo zimaonjezera moto musanadziwe nkomwe kuti moto womwe ulipo kale ndi wochuluka bwanji.

Tiyambe ndi matayala poti mwanena nokha kuti vuto linayamba mutawaika. Simunatchule saizi, nde nditenge chitsanzo chomwe ndimachiona kawirikawiri, munthu kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 285/70R17. Loyambalo kutalika kwake kuchoka pansi kufika pamwamba ndi mamilimita 776, lachiwirilo 831. Kusiyana kwake ndi 7 pelesenti. Zikuoneka zochepa eti? Koma tanthauzo lake ndi lakuti giya iliyonse yatalika ndi 7 pelesenti, mphamvu yokankha galimoto pomwe tayala lakhudza msewu yatsika ndi 7 pelesenti, injini sinasinthe kanthu koma ikumva ngati mwaipatsa chitunda china pamwamba pa chitunda. Kuonjezera apo tayalalo ndi lolemera, lalikulu mmbali, ndipo ngati ndi la zipsera zikuluzikulu za mmatope limadyanso mphamvu pongogubuduzika. Sipidomita nayo imayamba kunama, ikamati 100 inu muli cha ku 107, ndipo makilomita imawerenga ochepa kuposa omwe mwayendadi, nde olo mawerengedwe anu a mafuta ndi nthawi ya sevisi zasokonekera pang'ono osadziwa.

Apa njira zilipo ziwiri, kubwerera ku saizi yapafupi ndi yoyamba ija, kapena ngati matayalawo mumawafunadi chifukwa cha misewu yomwe mumayenda, kusintha reshiyo ya difu, magiya a mu akiselo omwe amazungulitsa matayala, kuti giya ibwerere mmalo mwake. Ngati ili 4x4 musinthe madifu onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, reshiyo imodzi, apo bii tsiku lomwe mudzalowetse 4x4 pamsewu wolimba mudzamva zinthu zikudyana pansi. Anthu sakonda kumva za difu chifukwa sichioneka, palibe amene angakuyamikireni pa difu, koma kwa munthu wokoka ngolo ndi matayala akulu ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zomwe zimabweza chikoka popanda kuonjezera kutentha mu injini olo pang'ono.

Chachiwiri, makilomita 190,000 si ochepa. Ndine wotsimikiza kuti mahosipawa ena omwe galimotoyo inatuluka nawo ku fakitale panopa palibe, anathawa pang'onopang'ono inu osazindikira. Musanalipire kuti muonjezere atsopano bwanji osayamba mwasaka akale aja? Makaniko wodziwa dizilo alumikize kompyuta aone manambala a mainjekita, mmene ECU, kompyuta ya injini, ikulimbanira kuti masilinda onse azikoka mofanana, ayesenso mafuta omwe injekita iliyonse ikubweza kumbuyo. Aone mapaipi onse a mpweya kuchoka pa turbo kudutsa pa intercooler, choziziritsira mpweyawo, kukafika ku injini, paliponse pomwe pali kachizindikiro ka oyilo wakuda pajoini dziwani kuti mpweya ukuthawa pamenepo, ndipo kamng'alu kakang'ono pa paipi ya labala kamakhala kotseka injini ikamalira payokha koma kamayasama mukaponda pachitunda. Atsegule manifodi yolowetsa mpweya. Pa injini ya EGR yomwe yayenda chonchi mumapeza mwaye wosakanikirana ndi nthunzi ya oyilo wamatirira ngati phula, nthawi zina njira yatsala yopyapyala moti mumadabwa kuti injini imapuma bwanji. Masensa a MAF ndi MAP, oyeza kuchuluka ndi puresha ya mpweya wolowa mu injini, atsukidwe, timapiko ta mkati mwa turbo tomwe timatseguka ndi kutseka taonedwe ngati sitikukakamira, fyuluta ya mafuta ndi ya mpweya zisinthidwe, ndipo mukweze galimoto muzungulitse tayala lililonse ndi dzanja, mabuleki ogwira okha ndi akuba amphamvu omwe palibe amawaganizira. Ndaonapo anthu angapo akubwera kudzafuna chip nkubwerera opanda chip, akumwetulira, chifukwa galimoto yadzuka pongochita zimenezi.

Tsopano mvetsani mmene dizilo imapangira mphamvu, chifukwa mukamvetsa ichi palibe wogulitsa angakupusitseni. Injini ya petulo imayeza mpweya ndi mafuta kuti zikhale pamlingo umodzi pafupifupi nthawi zonse. Ya dizilo ayi, imameza mpweya wambiri mmene ingathere, ndipo mphamvu imayendera kuchuluka kwa mafuta omwe injekita yapopera. Kuti dizilo apse yense pamafunika mpweya wolemera pafupifupi ka 14.5 kuposa mafutawo, koma injini yathanzi imayenda ndi mpweya wochuluka kuposa pamenepo, ndipo mpweya wotsalawo ndi womwe umathandiza kuti moto usapitirire. Nde kuonjezera mphamvu pa dizilo ndi kophweka mochititsa mantha, ingothirani mafuta ambiri basi, mwana aliyense wa laputopu angathe. Koma walira mvula walira matope, mafuta ochuluka popanda mpweya wokwanira amabweretsa utsi wakuda ndi kutentha. Utsi wakuda uja anthu ena amaunyadira, amati galimoto ili ndi mphamvu, pomwe ndi dizilo yemwe mwagula ndi ndalama zanu akutuluka osapsa, kwinaku akuphika mapisitoni.

Nchifukwa chake chinthu choyamba kugula, ngati mukufunadi kugula chinachake mwezi uno, ndi geji ya EGT, yoyeza kutentha kwa utsi womwe ukutuluka mu injini. Kasensa kake kaikidwe pa manifodi utsi usanalowe mu turbo, chifukwa turbo ikatenga mphamvu yake utsi umazizirako ndi madigiri 100 kapena kuposa, nde mukayeza kumbuyo kwa turbo mumadzinamiza. Amisiri ambiri a dizilo amagwira lamulo lakuti mukamakoka nthawi yaitali musakhalitse kupitirira madigiri 650 mpaka 700, kudumphako kwa masekondi ochepa popitirira galimoto ina si nkhani, koma kukhala pamenepo mphindi zisanu mukukwera phiri ndi ngolo ndi nkhani ina. Aluminiyamu weniweni amasungunuka cha pa madigiri 660, ndipo wosakaniza yemwe amapangira pisitoni amayamba kusungunuka asanafike pamenepo. Pisitoni simafika kutentha kwa utsiwo chifukwa oyilo amaipopera kunsi kuti izizire, koma ikamatenthedwa ndi kuzizira mobwerezabwereza imatopa, kenako imang'aluka pamlomo pa kambale kake kapamwamba kaja. Ndipo musadalire singano ya kutentha ya pa dashibodi, pa galimoto zambiri zamakono inapangidwa kuti izikhala pakati phee kuti dalaivala asamade nkhawa, ikamadzasuntha ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Kachipangizo kolumikiza pa OBD, pulagi yowerengera kompyuta ya galimoto, kamakuonetsani nambala yeniyeni ya kutentha kwa madzi, boost (puresha ya mpweya womwe turbo ikukankha), ndi zina.

Yendani ndi gejiyo milungu iwiri kapena itatu galimoto ili mmene iliri, ndi ngolo yanu, pa chitunda chanu chomwe chija. Mukatero mukhala ndi nambala yanu yoyambira. Mudzaonanso chinthu chomwe chimadabwitsa anthu, kuti mukakakamiza giya yapamwamba injini ikubuula pa 1500 rpm phazi lili pansi, EGT imakwera, koma mukatsitsa giya imodzi injini nkumazungulira pa 2500, nambala imatsika chifukwa turbo yayamba kukankha mpweya wambiri. Kutsika kufika giya 3 ndi matani awiri ndi theka kumbuyo si manyazi achimwene, giyabokosi anaiikira zimenezo.

Ndikumbukira bambo wina anabwera ndi pikapu itakokedwa. Anali ataika kabokosi kotchipa kogula pa intaneti, mwezi woyamba ankangoyamikira kuti galimoto yasanduka ina, kenako tsiku lina akukwera phiri ndi ngolo yodzaza anangomva kugogoda, utsi woyera nkudzaza kumbuyo. Titatsegula, pisitoni imodzi inali ndi mng'alu wodutsa pakati ndipo nsonga ya injekita inali itapsa. Chomwe chinandiwawa ndi chakuti anati singano ya pa dashibodi sinasunthe olo pang'ono, ndipo sankanama.

Tifike pa chip tsopano, poti dzinali anthu amaitanira zinthu zinayi zosiyana. Pali kabokosi kolumikiza pa pedulo ya mafuta. Kameneka sikaonjezera hosipawa olo imodzi, kamangouza kompyuta kuti mwaponda kwambiri pomwe mwaponda pang'ono, galimoto imamveka yachangu ponyamuka koma pachitunda phazi likafika pansi mphamvu ndi yomwe ija. Pali kabokosi konamiza sensa ya puresha ya mafuta, kamauza ECU kuti puresha mu rail, paipi yomwe mainjekita onse amatengamo mafuta, ndi yochepa nde pampu imakankha mopitirira. Mphamvu imabweradi, koma mwa njira yankhanza, pampu ndi mainjekita zikugwira ntchito pamwamba pa mlingo wake ndipo palibe chomwe chasintha ku mbali ya mpweya. Kameneka ndimakakana, makamaka pa mainjekita a makilomita 190,000. Pali mabokosi abwinoko omwe amagwira mainjekita ndi boost pamodzi, ena amatha kubweza mphamvu okha EGT ikakwera. Kenako pali remap, pomwe munthu amalowa mu ECU momwemo nkusintha matebulo a mafuta, nthawi yopopera, boost ndi malire a torque, mphamvu yopotokola ya injini yomwe imayezedwa mu Nm. Remap ndi yomwe ingakhale yabwino kuposa zonse, ndi yomwenso ingakhale yoopsa kuposa zonse, zimangotengera mutu wa munthu yemwe wagwira laputopuyo.

Nde posankha munthu wa remap musamufunse kuti mundipatsa mahosipawa angati. Mufunseni ngati ali ndi dyno, makina oyezera mphamvu pamatayala, ndipo ayeze galimoto yanu isanakhudzidwe ndi itakhudzidwa, tsiku lomwelo, makina omwewo. Mufunseni ngati akusungirani fayilo yoyamba ya ku fakitale kuti mudzathe kubwerera. Mufunseni ngati chitetezo cha injini akuchisiya, chifukwa ECU inapangidwa kuti madzi kapena mpweya zikatentha kwambiri izichepetsa mafuta yokha, ndipo ena aulesi amangozimitsa zimenezi kuti nambala ioneke yayikulu. Mumuuze kuti mumakoka ngolo sabata iliyonse, akangoyankha kuti fayilo yake ndi imodzi yokwanira aliyense, tsanzikani mwaulemu. Kwa galimoto yantchito ngati yanu ine ndimakhutira ndi kuonjezera kwa 10 mpaka 15 pelesenti, kopanda utsi, kokwera mosalala. Wokulonjezani 40 pelesenti pa injini yomwe sinatsegulidwe akugulitsani chikomekome cha mkuyu.

Pali chinthu china chomwe ogulitsa amakonda kuonetsa, nambala yayikulu ya torque pa marevu otsika kwambiri. Imakoma poyendetsa, sindikana, galimoto imangoti nyamu. Koma taonani masamu ake, mphamvu mu kW ndi torque kuchulukitsa ndi rpm kugawa ndi 9549. Ma Nm 420 pa 2000 rpm ndi 88 kW, ma Nm omwewo pa 3000 rpm ndi 132 kW. Chomwe chimakukwezani phiri pa liwiro ndi ma kW, pomwe chomwe chimathyola zitsulo ndi torque, makamaka ikabwera mwadzidzidzi pa marevu otsika pomwe kuphulika kulikonse kwa silinda kumamenya ngati hamala. Remap yanzeru imatambasula torque kuti ikhalitse mpaka marevu apakati ndi apamwamba, osati kuiunjika yonse pa 1600.

Ndipo poti yanu ndi ya giya yamanja, mvetserani chitsanzo ichi. Toyota Hilux ya injini ya 2.8 itatuluka mu 2015 inali ndi 130 kW, ya otomatiki 450 Nm, ya giya yamanja 420 Nm. Mu 2020 anaikweza kufika 150 kW ndi 500 Nm, koma 500 imeneyo inali ya otomatiki, yamanja inatsala pa 420 pomwe paja. Injini imodzi, manambala awiri. Akatswiri omwe anapanga galimotoyo anaona kuti kuli bwino yamanja isapatsidwe zonse, ndipo pokweza mphamvuyo sanangosintha pulogalamu ya kompyuta yokha, anaika turbo yayikulupo nkukonzanso kaziziritsidwe ka injini. Nde munthu akamakuuzani kuti fakitale inangobisa mphamvu dala ndipo iye angoitsegula ndi laputopu mu mphindi makumi awiri, mukumbukire zimenezi. Malo opumira alipodi, opanga amasiya mpata chifukwa galimoto imodzi imagulitsidwa kumaiko otentha ndi ozizira, kwa mafuta abwino ndi oipa, kwa madalaivala osamala ndi osasamala. Koma mpata umenewo ndi womwe umakupulumutsani tsiku lomwe zonse zakumana, dzuwa, phiri, ngolo, ndi dizilo wokayikitsa. Mukaudya wonse mwatsala opanda chofunda.

Klachi ya makilomita 190,000 yomwe yakhala ikukoka ngolo, mukangoonjezera torque idzayamba kuterereka, si ulosi, ndi mmene zimakhalira. Nde mu bajeti ya remap muikemo klachi yolimba. Musathamangire ya mpikisano ija yogwira ngati msampha, pobwerera mmbuyo ndi ngolo mudzalira nayo, pezani yongowonjezera mphamvu yogwira koma yokhala ndi mbale yofewa bwino. Ngati galimoto yanu ili ndi flywheel, chimbale cholemera chomwe klachi imagwirapo, ya zigawo ziwiri yokhala ndi masipuling'i mkati, ionedwe nthawi yomweyo, ena amaisintha nkuika yachitsulo chimodzi, imalimba inde koma kunjenjemera komwe masipuling'i aja ankameza kumapita ku giyabokosi, mudzamva phokoso pa marevu otsika. Komanso pokoka katundu wolemera pewani giya yomaliza, pa magiyabokosi ambiri ndi yomwe ili yofooka. Kwa ena omwe akuwerenga ali ndi otomatiki, kwanu mdani ndi kutentha kwa oyilo wa giyabokosi, kachoziziritsira kapadera ka oyiloyo kabwere remap isanabwere.

Intercooler ndi chinthu chomwe ndimachilemekeza kwambiri pa galimoto yokoka. Turbo ikapanikiza mpweya umatentha, pa boost yayikulu umatha kupitirira madigiri 150, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, oksijeni wake ndi wochepa. Intercooler yayikulupo yopangidwa bwino imatsitsa kutenthako, injini imalandira mpweya wothithikana, EGT imatsika, ndipo mphamvu siithawa mukakhala pachitunda nthawi yaitali. Payokha siikupatsani mahosipawa oti muwamve pampando, ntchito yake ndi kusunga omwe muli nawo. Chenjezo lake ndi lakuti ikakhala yonenepa kwambiri kutsogolo kwa rediyeta imatchinga mphepo, madzi nkumatentha, mwathetsa vuto lina nkuyambitsa lina. Nde rediyeta itsukidwe kunja ndi mkati, klachi ya fani ionedwe ngati ikugwirabe, ndipo ngati mwadzaza malaiti ndi zitsulo kutsogolo kwa gilo, dziwani kuti nazonso zikudya mphepo.

Ekizozi yayikulu, mmm. Pa dizilo zakale zopanda DPF paipi yotakasuka kuchokera pa turbo imathandizadi, turbo imadzuka msanga, EGT imatsikako. Pa galimoto ya DPF chotchinga chachikulu ndi DPF yomweyo, nde kusintha paipi ya kumbuyo kwake mumagula phokoso basi. Fyuluta za mpweya zopaka oyilo zija sindizikonda pa galimoto yantchito, zimalola fumbi lochulukirapo kudutsa ndipo oyilo wake amadetsa sensa ya MAF, yapepala yabwino yosinthidwa pa nthawi yake ndi yokwanira. Snorkel, paipi yokokera mpweya wa injini kuchokera pamwamba, ndi yamadzi ndi fumbi, si yamphamvu.

Za kuchotsa DPF ndi EGR, ndilankhula mosabisa. Ndi zoona kuti EGR imadetsa manifodi, ndi zoonanso kuti DPF ikatsekeka imasowetsa mtendere. Koma mmaiko ambiri kuchotsa zimenezi pa galimoto yoyenda pamsewu ndi mlandu, ku United States mwachitsanzo lamulo la Clean Air Act limaletsa, ndipo makampani ogulitsa zida zochotsera akhala akulipitsidwa chindapusa. Waranti ikhoza kuthera pomwepo, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira akapeza kuti munasintha osawauza, ndipo mu 2012 bungwe la IARC la pansi pa WHO linaika utsi wa dizilo mgulu la zinthu zomwe zimayambitsa khansa. Utsi umenewo woyamba kuupuma ndi inu nomwe mukamamangirira ngolo injini ikulira. Chinanso, DPF siitsekeka popanda chifukwa. Imadziyeretsa yokha potentha mwaye pa madigiri pafupifupi 600, ndipo imafuna ulendo wautaliko kuti imalize, nde galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi nkumazimitsidwa ndi yomwe imavutika. Yanu yokoka ngolo pamsewu wautali siyenera kuvuta, ikamavuta ndiye kuti pali injekita yodontha, mpweya wothawa, sensa yakufa, kapena mukuthira oyilo wolakwika, injini ya DPF imafuna oyilo wa phulusa lochepa monga buku lake likunenera. Kuchotsa DPF pamenepo kuli ngati kuchotsa babu ya chenjezo, matenda atsala momwemo. Ngati mukufuna manifodi isamadetsedwe msanga, ikani catch can yabwino yogwira nthunzi ya oyilo isanalowe, mwaye wouma pawokha sumata kwambiri, umamata ukakumana ndi oyilo. Muzikumbukira kuikhuthula, ikadzaza nkutseka imakankha oyilo kutulukira mmasili.

Turbo yayikulu ndi ya munthu wofuna mpikisano, osati inu. Imachedwa kudzuka, nde pomwe mukufuna chikoka ponyamuka ndi ngolo pamakhala zii, kenako mphamvu nkubwera yonse pakamodzi. Ndipo siyenda yokha, imaitana mainjekita akulu, pampu, klachi, mabawuti olimba a hedi. Eni ake a Ford 6.0 Power Stroke ya zaka za 2003 mpaka 2007 anaphunzira zimenezi, injini imeneyo inatchuka ndi kuphulitsa gasiketi ya hedi makamaka ikaonjezeredwa mphamvu, mpaka kusintha mabawuti a hedi kunasanduka chinthu choyamba kuchita musanaikhudze. Injini iliyonse ili ndi pake pofooka, ina ndi mapisitoni, ina gasiketi, ina giyabokosi, nde fufuzani pa yanuyo kwa amakaniko omwe amaitsegula tsiku ndi tsiku, osati kwa ogulitsa zida.

Pali kachinthu kena komwe sikaonjezera mphamvu koma sindingakasiye, fyuluta yachiwiri ya mafuta yokhala ndi kolekanitsa madzi. Common rail imapopa dizilo pa mabaa 1600 mpaka 2500 kutengera injini, pomwe tayala lanu lili ndi mabaa awiri ndi theka okha, nde ganizani. Zitsulo za mu pampu ndi mainjekita zimagwirana mothina kwambiri ndipo mafuta omwewo ndi omwe amazifewetsa, kadontho ka madzi kapena kafumbi kamazikanda. Pampu ya Bosch CP4 yomwe inaikidwa mmapikapu akuluakulu a Ford ndi GM kuyambira 2011 imadziwika kuti ikawonongeka imamwaza tizitsulo mu dongosolo lonse la mafuta, mainjekita, mapaipi, thanki, zonse kutsuka kapena kusintha. Remap imapempha pampu ndi mainjekita kugwira ntchito yochulukirapo, nde bola muzipatse mafuta oyera. Ingoonetsetsani kuti fyulutayo ndi ya saizi yoyenera, yothina kwambiri imamana pampu mafuta.

Komanso musaiwale kuti mahosipawa sasintha kulemera komwe galimoto inaloledwa kunyamula ndi kukoka, nambala ija ili pa kachitsulo ka pakhomo kapena mbuku imakhala yomweyo olo injini itakhala yamphamvu bwanji, chifukwa inawerengedwa poona chesesi, maakiselo ndi mabuleki. Ngolo ya matani awiri ndi theka iyenera kukhala ndi mabuleki akeake ogwira bwino, ndipo matayala akulu aja afooketsanso mabuleki a galimoto mwa njira yomwe ija afooketsera chikoka. Kukwera phiri mwachangu nkosangalatsa koma phiri lililonse lili ndi kotsetsereka kwake. Mapadi abwino, mafuta a mabuleki atsopano, mashoko amoyo, izi zibwere limodzi ndi mphamvu. Mukafika pamwamba pa chitunda kapena kumapeto kwa ulendo wolemera, musazimitse injini nthawi yomweyo, ilire payokha mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo aziziritse turbo, ndipo mukachita remap muzisintha oyilo msangako kuposa kale.

Mawa lomwe mukhoza kuyesa klachi nokha osalipira aliyense. Injini itatentha, pamsewu wowongoka wopanda anthu, lowetsani giya 4 kapena 5 marevu ali cha pa 1500, pondani mafuta mpaka pansi kwa masekondi angapo diso lili pa singano ya marevu. Ikakwera limodzi ndi liwiro pang'onopang'ono, klachi ikadali ndi moyo. Ikalumpha yokha liwiro lili pomwepo, ndiye kuti gawo lina la kulefuka komwe mukumva pachitunda si injini nkomwe, ndi klachi yomwe ikuterereka, ndipo chip ikanangoimaliza. Mukayesa mundiuze zomwe mwapeza, pamodzi ndi saizi yeniyeni ya matayala akale ndi atsopano, ndikuwerengerani reshiyo ya difu yomwe ingakubwezereni giya zanu.